Madzi a m'damu akabiriwira ngati penti: za ndere, poizoni wake ndi Nyanja ya Malawi

Funso: Ndine mlimi wa nsomba m'boma la Zomba ndipo ndili ndi madamu awiri momwe ndimaweta makumba ndi chilunguni. Alangizi anatiphunzitsa kuti madzi obiriwira ndi abwino chifukwa mumakhala chakudya cha nsomba, choncho ndakhala ndikuthira manyowa a nkhuku mosadumphitsa. Koma mu Okutobala damu limodzi linayala zobiriwira pamwamba ngati penti, linayamba kununkha, ndipo m'mamawa nsomba zimabwera pamwamba zikuyasamula, zina n'kufa. Mwana wanga anandiwerengera nkhani yakuti ndere zinapha njovu ku Botswana. Kodi ndi zomwezi? Kodi nsombazi tingadye, ndipo mbuzi zingamwe madziwo? Nanga Nyanja ya Malawi nayo ingadzafike pamenepa?

Yankho: Bambo, alangizi sanakusocheretseni, ndipo ndiyambe ndi mfundo imeneyi chifukwa alimi ena akaona zimene mwaonazi amasiyiratu kuthira manyowa, n'kudzakolola nsomba zonyentchera m'madzi oyera mbee momwe mulibe chakudya. Kubiriwira kwa madzi kumachokera ku tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timayandama m'madzimo, ndipo tizomera timeneti ndiye gwero la chakudya cha zamoyo za m'damu, mumtsinje ndi m'nyanja. Timadyedwa ndi tizilombo tam'madzi, tizilomboto timadyedwa ndi nsomba zing'onozing'ono, pomwe makumba anuwo amatha kusefa tizomerato m'madzi n'kutidya mwachindunji. Chimene chinachitika m'damu lanu n'chakuti chakudya cha ndere chinapyola muyeso pa nyengo yotentha kwambiri, ndipo mtundu wa ndere umene unapambana inzake, malinga ndi momwe mwafotokozera, ndi umene sitiufuna.

M'Chichewa timangoti ndere, koma dzina limodzili likuphimba zamoyo zosiyana kwambiri. Pali ndere zaulusi zimene zimamera pamiyala ndi m'mbali mwa damu, zomwe mukazitokosa ndi ndodo zimalendewera ngati tsitsi lonyowa. Zimenezi zimatopetsa mlimi pokoka ukonde koma kawirikawiri sizikhala ndi poizoni. Pali ndere zobiriwira zoyandama, komanso gulu lina lotchedwa diatoms lokhala ndi tizigoba tonga galasi, ndipo magulu awiriwa ndi chakudya chabwino cha nsomba. Kenaka pali cyanobacteria. Zimenezi kwenikweni ndi mabakiteriya amene amapanga chakudya chawo ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera zimachitira, ndipo ndi zamoyo zakale kwambiri moti ndizo zinayamba kudzaza mlengalenga ndi mpweya wa okosijeni zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo. Zili ndi maluso amene ndere zina zilibe. Mkati mwa maselo a mitundu yambiri muli timatumba tampweya tothandiza kuti zikwere pamwamba kukawothera dzuwa ndi kutsika kukatenga chakudya, ndipo madzi akakhala bata zimasonkhana pamwamba n'kutchingira kuwala ndere zina zonse zimene zili pansi pake. Mtundu wotchedwa Microcystis umadziunjika m'timagulu tokutidwa ndi zoterera moti tizilombo tam'madzi timalephera kuumeza, pomwe wina wotchedwa Anabaena, umene akatswiri masiku ano amautchanso Dolichospermum, umatha kutenga nayitrojeni mumpweya monga amachitira mabakiteriya okhala m'mizu ya soya ndi nyemba. Mitundu yambiri imakula bwino madzi akatentha kupitirira madigiri 25. Tangoganizirani Okutobala wa ku Zomba: dzuwa lili phwee, mphepo palibe, madzi a m'damu aphwera, ndipo manyowa a nkhuku akungowonjezeredwa. Zonse zimene cyanobacteria zimafuna zinakumana nthawi imodzi.

Mungathe kudziyesera nokha popanda makina. Tungani madzi a m'damu pansi pang'ono pa zoyandamazo, muwathire m'botolo loonekera mkati, mulisiye pamalo ozizira osaligwedeza usiku wonse. M'mawa mukapeza zobiriwira zasonkhana pamwamba ngati mkombero, zambiri mwa izo ndi cyanobacteria. Zikakhala kuti zadikha pansi pa botolo, ndi ndere zachizolowezi. Ndodo nayo imanena zambiri: ikatuluka itapakika ngati mwaiviika mu penti, chenjerani. Mayeso awiriwa sakuuzani ngati muli poizoni, koma amakuuzani gulu la ndere limene mukulimbana nalo.

Tsono za nsomba zoyasamula m'mamawa, ndikukhulupirira kwambiri kuti chinazipha ndi kusowa kwa mpweya, chifukwa nthawi imene mwatchulayo ndi chizindikiro chodziwika bwino. Masana ndere zimatulutsa okosijeni wochuluka, nthawi zina woposa amene madzi angasunge. Dzuwa likalowa zimasiya kutulutsa koma sizisiya kupuma, ndiye usiku wonse ndere, nsomba, ndi mabakiteriya amene akuwoletsa manyowa ndi zotsala za deya pansi pa damu, zonse zimalimbirana mpweya womwewo, ndipo umafika potsikitsitsa mbandakucha dzuwa lisanatuluke. Kutentha kumawonjezera vutoli, pakuti madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, pomwe a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.5, chikhalirecho nsomba zimafuna mpweya wambiri pamene kukutentha. Choopsa kwambiri chimadza ndere zikafa zonse nthawi imodzi, monga zimachitikira kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana, kapena chakudya chake chikatha mwadzidzidzi. Madzi amasintha mtundu kukhala otuwa kapena ofiirira, fungo limabuka, ndipo kuwola kwa ndere zakufazo kumatha kumaliza mpweya wonse m'maola ochepa. Milamba imapulumuka chifukwa ili ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja, koma makumba ndi chilunguni zimadalira mpweya wa m'madzi.

Poizoni ndi nkhani ina, ndipo si yoichepetsa. Mitundu ina ya cyanobacteria imapanga poizoni wotchedwa microcystin amene amawononga chiwindi, ina imapanga anatoxin amene amagwira minyewa moti chiweto chimatha kunjenjemera, kulephera kupuma ndi kufa pasanathe ola limodzi chimwereni madzi. Sayansi inalemba za zimenezi koyamba mu 1878, pamene katswiri wina dzina lake George Francis anafotokoza za nkhosa, akavalo, agalu ndi nkhumba zimene zinafa zitamwa madzi a m'nyanja ya Alexandrina ku Australia. Mu 1996 mumzinda wa Caruaru ku Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira chifukwa madzi ogwiritsa ntchito pamakina osefera magazi awo anali ndi microcystin. Mu Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 a mumzinda wa Toledo ku America anauzidwa kuti asamwe madzi apampopi kwa masiku pafupifupi atatu, ndere zitaphimba mbali ya nyanja ya Erie kumene mzindawo umapopa madzi ake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a maikulogalamu imodzi ya microcystin pa lita m'madzi omwa tsiku ndi tsiku, ndipo maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Chimene ndikufuna musaiwale n'chakuti kuwiritsa madzi sikuthetsa microcystin. Tinazolowera kuti madzi okayikitsa timawaphitsa, ndipo pa kolera ndi matenda otsegula m'mimba zimenezo n'zoona, koma poizoni ameneyu amapirira kutentha, ndipo kuwiritsako kumaphwanya maselo a ndere n'kumutulutsira m'madzi. Komanso ndere za mtundu umodzi zimatha kukhala ndi poizoni m'damu lina n'kukhala zopanda poizoni m'damu loyandikana nalo, moti ngakhale katswiri sangagamule pongoyang'ana. Pamafunika kupima ku labotale.

Nkhani imene mwana wanu anakuwerengerani ndi yoona. Pakati pa Meyi ndi Juni 2020 njovu zoposa 300 zinapezeka zitafa kumpoto kwa Botswana, kufupi ndi dambo lalikulu la Okavango, zambiri pafupi ndi zithaphwi zomwera, minyanga ili yosachotsa, ndipo zina zinaoneka zikuyenda mozungulirazungulira zisanagwe. Mu Seputembala chaka chomwecho boma la Botswana linalengeza kuti choyambitsa chinali poizoni wa cyanobacteria. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024, motsogozedwa ndi akatswiri a ku King's College London, anagwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti kuunika zithaphwi pafupifupi 3,000 za m'deralo, ndipo anapeza kuti zina zimene zinali pafupi ndi mitembo ya njovuzo zinali ndi ndere zochuluka modabwitsa mu 2020, chaka chamvula yambiri chimene chinatsatira chilala cha 2019. Maganizo a ofufuzawo ndi akuti matope ndi ndowe zimene zinaunjikana m'zithaphwi zouma zinasungunuka mvula itabwera, n'kupereka chakudya chochuluka kwa ndere. Komabe tisamafulumire kunena kuti nyama iliyonse yofa pafupi ndi madzi yaphedwa ndi ndere: njovu 35 zimene zinafa kumpoto chakumadzulo kwa Zimbabwe chaka chomwecho zinapezeka kuti zinadwala matenda a mabakiteriya ena a m'magazi. Ku Zimbabwe komweko, kumapeto kwa 2024, zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, imene imapereka madzi ku Harare komanso yakhala ikulandira zonyansa za m'masuweji a mzindawo kwa zaka zambiri, ndipo akuluakulu oona za nyama zakutchire kumeneko anati choyambitsa chinali cyanobacteria. Choncho damu lanu, zithaphwi za ku Botswana ndi nyanja ya Chivero zili m'gulu limodzi: madzi osaya kwambiri, otentha, odekha, olandira chakudya chopyola muyeso.

Chakudya chimenechi n'chiyani makamaka? Funsoli linavutitsa akatswiri m'zaka za m'ma 1960, pamene nyanja zambiri za ku Ulaya ndi ku North America zinayamba kubiriwira. Ena ankati ndi kaboni, ena nayitrojeni, ena fosiforasi, ndipo mkanganowo unali wokhudza ndalama chifukwa sopo waufa wa nthawi imeneyo ankakhala ndi fosiforasi wambiri. Yankho lomveka linachokera ku Ontario m'dziko la Canada, kumene David Schindler ndi anzake ankachitira kafukufuku panyanja zenizeni m'malo mwa mabotolo a mu labotale. Mu 1973 anatenga nyanja yaing'ono yotchedwa Lake 226 n'kuigawa pakati ndi chinsalu chapulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathiramo kaboni ndi nayitrojeni, koma mbali imodzi yokha anawonjezeramo fosiforasi. Mbali imeneyo inabiriwira bii ndi cyanobacteria, inayo inakhalabe yoyera, ndipo chithunzi chojambulidwa m'ndege chinatsimikizira opanga malamulo kuposa momwe manambala akanachitira, moti mayiko angapo anachepetsa fosiforasi mu sopo ndi kuyamba kumuchotsa m'madzi a m'masuweji. Fosiforasi amafunika wochepa kwambiri, ndipo akatswiri amawerengera kuti kilogalamu imodzi ingathe kubereka ndere zonyowa zofika makilogalamu 500. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti m'nyanja zambiri za m'madera otentha ngati kwathu kuno nayitrojeni nayenso amaperewera, choncho n'koyenera kuchepetsa zonse ziwiri. Koma pali chifukwa chimene ine ndimaoperabe fosiforasi kwambiri: akachuluka pomwe nayitrojeni ali wochepa, mwayi umapita kwa ndere zija zotha kudzitengera nayitrojeni mumpweya, zomwe ndi zimene tikuzipewa. Amakhalanso m'matope apansi kwa zaka zambiri, ndipo mpweya ukatha pansipo amasungunuka n'kubwereranso m'madzi, kotero kuti nyanja yowonongeka imapitiriza kudzidyetsa yokha ngakhale gwero lakunja litatsekedwa. Damu la Hartbeespoort ku South Africa lakhala likulimbana ndi Microcystis kwa zaka makumi angapo, ndipo matope odzaza fosiforasi ndi mbali ya chimene chimavutitsa kulichiritsa.

Tifike tsopano ku Nyanja ya Malawi, chifukwa funso lanu lomalizali ndi limene limandikhudza mtima kwambiri. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo pozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Madzi ake sasakanikirana kuchokera pamwamba mpaka pansi: kuyambira mamita pafupifupi 200 mpaka 250 kutsika, mulibe okosijeni chaka chonse, ndipo fosiforasi ndi michere ina yambiri imakhala yotsekeredwa kumeneko, kutali ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi apamwamba amakhala oyera moti munthu ali m'bwato amaona miyala pansi. Chimene chimadyetsa nyanjayi mwachilengedwe ndi mphepo ya mwera. Ikamawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, imakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera madzi ozizira apansi okhala ndi michere amakwera kulowa m'malo mwake. Pamenepo ma diatoms amaswana, tizilombo tam'madzi timachuluka, usipa ndi nsomba zina zimapeza chakudya, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya nyanja ya ku Mangochi yakhala ikubereka nsomba zambiri kuposa madera ozama a kumpoto. Mwera ukakula kwambiri, madzi opanda mpweya amatha kukwera mpaka kumene kuli nsomba n'kuzipha, kotero nsomba zoyandama zitafa panyanja si umboni wa ndere zapoizoni nthawi zonse. Mwera ukaleka ndipo nyanja ikadekha m'miyezi yotentha ndi yamvula, cyanobacteria zimapeza mpata, ndipo Anabaena amaoneka pamwamba m'malo ena.

Kodi nyanja yonseyi ingabiriwire ngati damu lanu? Kunena mosabisa, madzi ake ndi ochuluka kwambiri moti zimenezo si zoyembekezera posachedwa pakatikati pa nyanja. Koma anthu sakhala pakatikati pa nyanja. Amatunga, amasamba, amachapa ndi kuwedza m'mphepete, m'magombe ndi pamathiriro a mitsinje, ndipo kumeneko kusintha kunayamba kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pulojekiti ya SADC ndi GEF (thumba la ndalama lothandiza ntchito zoteteza chilengedwe padziko lonse) yoteteza zamoyo za m'nyanjayi, imene inali ndi malo ake ofufuzira ku Senga Bay m'boma la Salima, inapima mitsinje yothira m'nyanja. Akatswiri monga Robert Hecky ndi Harvey Bootsma anaonetsa kuti mitsinje yodutsa m'madera olimidwa kwambiri ndi odulidwa mitengo, monga Linthipe, imanyamula matope ndi michere yochuluka kuposa yochokera m'madera amene nkhalango zikadalipo. Anapezanso chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira: gawo lalikulu ndithu la fosiforasi ndi nayitrojeni limagwera m'nyanja kuchokera mlengalenga, kudzera m'fumbi ndi phulusa la moto wolusa wa m'chilimwe. Munthu wotentha tchire posaka mbewa ku Dedza kapena ku Ntchisi amadyetsa ndere za m'nyanja ngakhale sanapondeko kugombe. Chimodzimodzi feteleza wokulitsa uja tinazolowera kumutchula kuti 23:21:0+4S; nambala yachiwiriyo ikuimira fosiforasi, ndipo popeza fosiforasi amamatirira kudothi, nthaka ikakokoloka amapita nayo limodzi kumtsinje. Mlimi amaluza kawiri, pamunda ndi panyanja.

Chimene chimapangitsa nyanja yathu kukhala yosalimba monga imaonekera ndi katulukidwe ka madzi ake. Mtsinje wotuluka ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amene nyanjayi imataya chaka chilichonse amachoka ngati nthunzi. Nthunzi imanyamula madzi okha, michere imatsala. Akatswiri amawerengera kuti pangafunike zaka zoposa 600 kuti madzi okwana nyanja yonse atuluke kudzera mu Shire, choncho chimene chalowamo lero chidzakhalamo mibadwo yambiri. Damu lanu mungaliphwetse m'tsiku limodzi, n'kukumba matope, n'kuyambiranso. Nyanja ilibe potulukira potero.

Chitsanzo chimene chiyenera kutitsegula maso ndi nyanja ya Victoria. Poyerekeza zimene katswiri wa zamoyo za m'madzi Jack Talling anayeza kumeneko cha mu 1960 ndi 1961 ndi zimene zinayezedwa zaka pafupifupi 30 pambuyo pake, ndere zinali zitachuluka kangapo, cyanobacteria zitalanda malo a ma diatoms, ndipo madzi akuya atayamba kusowa mpweya kwa miyezi yambiri pachaka. Anthu amakonda kuloza chala nsomba yolusa ya Nile perch, imene inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, pa kutha kwa mitundu yambiri ya nsomba zachilengedwe za m'nyanjayo, ndipo salakwa. Koma mu 1997 wofufuza wina, Ole Seehausen, ndi anzake anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: nsomba zazikazi za banja la cichlid, lomwenso ndi banja la chambo, makumba ndi mbuna, zimasankha zazimuna za mtundu wake poona maonekedwe ake, ndipo madzi akachita mbuu zimalephera kusiyanitsa, mitundu yosiyana imakwerana, kenaka imasanduka mtundu umodzi wotuwa. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, yambiri mwa iyo ndi ya banja lomweli, ndipo ichi ndicho chinachititsa UNESCO kuika Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mbuna zokongola zija zimadya ndere zomera pamiyala, ndere zomwe zimafuna madzi oyera kuti dzuwa lizifikire. Matope a Linthipe akafika kuzilumba za Maleri m'nyengo yadzinja amakuta miyala ndi kudetsa madzi, motero amakhudza chakudya cha mbuna ndi maso ake pamodzi. Kwa ine chiopsezo chenicheni cha nyanja yathu chili pamenepa: ingathe kutaya chuma chake pang'onopang'ono isanafike n'komwe pobiriwira ngati penti.

Nyanja ya Chilwa, imene muli nayo pafupi, ndi yosiyana. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotuluka, madzi ake ali ndi mchere, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Cyanobacteria ndi mbali ya chilengedwe chake, makamaka madzi akamaphwera, ndipo matemba, makumba ndi milamba ya kumeneko inazolowera moyo wa kudzaza ndi kuphwa. Chimene chimaiteteza ndi dambo lalikulu la njedza loizungulira, lomwe limasefa matope ndi michere yochokera mu Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina isanafike pamadzi oonekera. Njedza zikamatenthedwa ndi kulimidwa, sefa imeneyi imachepa.

Ofufuza amatsata zonsezi ndi zida zina zapamwamba, monga masetilaiti a Landsat ndi Sentinel amene amaona kubiriwira kwa madzi kuchokera kumwamba, komanso mapaipi otengera matope apansi pa nyanja, momwe zigoba za ma diatoms zimasungika m'mizere n'kufotokoza mmene madzi analili zaka mazana zapitazo. Koma chida chimene chathandiza kwambiri ndi chosavuta: kambale koyera kotsitsidwa m'madzi ndi chingwe mpaka katasiya kuoneka pofuna kuyeza kuyera kwa madziwo, kamene Angelo Secchi anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1865. Mphamvu yake ili pa kuyeza malo omwewo mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti makomiti a m'magombe ndi magulu a alimi a nsomba angathe kugwira ntchito imeneyi bwino lomwe atapatsidwa kope ndi chingwe chopimidwa.

Kwa inu, dzanja lanu ndiye kambale kameneko. Pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuonekabe bwinobwino, damu lili ndi njala ndipo mungathire manyowa. Ngati chikuzimiririka chigongono chikamafika pamadzi, cha pa masentimita 30, mlingo uli bwino. Koma ngati chasowa mutangopitirira pang'ono pamfundo ya dzanja, lekani manyowa ndipo chepetsani deya kufikira madzi atapepuka. Manyowa a nkhuku ndi amphamvu kuposa a ng'ombe ndi a mbuzi, choncho ndi bwino kuwaika pang'onopang'ono m'thumba kapena m'kakhola kapangodya ya damu, kumene mungawachotse mukaona kuti zachuluka, kusiyana ndi kuwamwaza damu lonse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala muziyendera damu dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zikuyasamula, lowetsani madzi atsopano nthawi yomweyo, takasani pamwamba pa madzi ndi nthambi kapena potunga ndi ndowa n'kukhuthulira momwemo, samalani kuti musavundule matope apansi, ndipo tsiku limenelo musadyetse. Zoyandama zikakankhidwira kumbali imodzi ndi mphepo, ziwoleni ndi chiguduli kapena ukonde wamaso aang'ono mutavala zoteteza manja, mukazikwirire kutali ndi ziweto. Wina akakuuzani kuti muthire mankhwala a kopa opha ndere, musavomere pamene zachuluka chonchi, chifukwa zidzafa zonse pamodzi, mpweya udzatha, ndipo poizoni amene anali m'maselo adzatulukira m'madzi. Madzi obiriwira amene mukuphwetsa musawalunjikitse kumtsinje kumene ena amatunga ndi kumwetsa ziweto. Alowetseni m'dzenje kapena pamalo a udzu kuti adikhe. Mukakolola, umitsani damu mpaka pansi patang'ambika, ndipo matope akuda mukawathire m'munda wa chimanga, kumene fosiforasi akufunika.

Mbuzi, ng'ombe, agalu ndi ana asayandikire damulo pamene zoyandamazo zilipo ndiponso kwa milungu iwiri kapena itatu zitatha. Kuopsa kumakula kumbali imene mphepo yaunjika ndere, komwe n'kumphepete kumene chiweto chimamwera, ndipo galu amathanso kudwala ponyambita ubweya wake atasambira. Nsomba zimene mwazipeza zitafa musadye, musagulitse ndiponso musapatse ziweto, zikwirireni. Zimene zili zamoyo ndi zamphamvu ndi bwino kudikira nazo mpaka madzi atabwerera mwakale, ndipo pozikonza chotsani matumbo, chiwindi ndi makha, pakuti microcystin amaunjikana kwambiri m'ziwalo zam'kati kusiyana ndi mumnofu, kenaka muzitsuke ndi madzi a pamjigo, osati a m'damu. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu zochokera m'damu lotere ndi zofunika kuzipewa. Ngati wina m'banja mwanu wayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kutuluka zidzolo atakhudza madziwo, apite kuchipatala ndipo akafotokoze za damulo. Pomaliza, tungani madzi pamodzi ndi zoyandamazo m'botolo loyera, mulikulunge kuti lisaone dzuwa, mulisunge pozizira, mulembe tsiku ndi nthawi, ndipo mupite nalo tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zansomba wa m'dera lanu kapena ku National Aquaculture Centre ku Domasi, kuti akatswiri aone mtundu wa ndere zimene zili m'damu lanu ndi kukulangizani mlingo wa manyowa woyenera kukula kwa damulo.